Fodya wa Pachala m'Nyengo ya Foni

Mwambi woti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, unachokera kwa anthu amene ankadziwa kuti chinthu chimatha kutayika ngakhale pa kamtunda kochoka pachala kukafika pamphuno. Umalangiza munthu kuti asawerengere chimene sichinafike m'manja mwake. Kale amalonda a pamsika sankavutika nawo. Ndalama yomangidwa pansonga ya chitenje inali yapamphuno, ndipo ya kasitomala wonena kuti "ndibweretsa mawa" inali yamphepo. Foni ndiyo yasokoneza malire amenewa.

Ndalama zam'foni zinafika ku Malawi mu 2012 pamene Airtel Money inayamba, ndipo TNM Mpamba inatsatira mu 2013, anzathu a ku Kenya atayamba kale ndi M-Pesa mu 2007. Sizilira intaneti kapena foni yapamwamba. Kafoni kamabatani komangidwa ndi mphira kamakwanitsa kuyimba *211# kapena *444#. Mu 2019 Reserve Bank of Malawi inaika malamulo oti mabizinesi okhala ndi chiphaso azilandiranso ndalama kudzera pamakina. Mayi wa mandasi lamuloli silinkamunena, koma nayenso analemba nambala yake pa katoni n'kuikoleka pa ndowa, poti makasitomala ayamba kuyenda matumba ali mbee.

Mphindi yovuta kwambiri pa malonda otere imayamba ndi mawu oti "ndatumiza." Wogula amaonetsa foni yake, chala chili pa uthenga. Foni ya wogulitsa ili zii. Onse awiri amayang'ana kumwamba. Wogulitsa amaikweza foniyo, kuizimitsa, kuiyatsanso, kenako kuipukuta pa malaya ngati kuti ndalamayo yatsekerezedwa ndi fumbi. Tchipisi chikuzizira m'jumbo, koma jumboyo aigwira onse awiri, wina uku wina uku. Pa nthawi imeneyo ndalama yachoka kwa wogula koma sinafike kwa wogulitsa, ndipo akaweruza mlanduwo ndi netiweki, imene siifulumizidwa ndi munthu. Makolo ankanena za mphepo mophiphiritsa. Apa ndalamayo ili mumphepo yeniyeni.

Pali uthenga winanso umene umafika msanga, netiweki ivute isavute: wonena kuti mwalandira ndalama, kenako munthu waulemu kwambiri n'kuyimba kuti watumiza molakwitsa, mwana ali kuchipatala, chonde bwezani. Wobweza asanaone balansi amakhala wabweza mpamba wake womwe. Kalembera wa manambala a foni amene MACRA inalamula mu 2018 sanawathetse akamberembere amenewa, ndipo ulemu wawo pafoni ukadali woposa wa anthu ambiri oona mtima.

Ndalama ikafikadi m'foni, ulendo sunathe. Kondakitala wa minibasi amafuna yogwirika, choncho wageni amalowera pa kambulera ka ejenti. Wodzatapa amauzidwa kuti kashi watha, wodzaika amauzidwa kuti fuloti yatha, ndipo nthawi zina awiriwa amakumana pomwepo n'kungothandizana okha, ejenti akuonerera. Potapa pamadulidwanso kenakake, n'chifukwa chake "muikeko yotapira" yasanduka mbali ya mtengo wa katundu. Pa phindu la mulu wa tomato, kenakake kameneko si kakang'ono.

Otsatsa malonda pa WhatsApp ndi Facebook ali ndi fodya wapachala wochuluka kuposa onse. Chithunzi cha nsapato za kaunjika chimakopa anthu ambirimbiri ofunsa kuti "zingati?" ngakhale mtengo walembedwa pansi pake. Ena amalonjeza kuti akalandira abwera. Bandulo yokha ndiyo imalipiridwa pompopompo.

Komabe si zoona kuti ndalama yapachitenje inali yotetezeka. Inkasowa m'chipwirikiti cha pa depoti, inkanyowa ndi mvula, ndipo chachikulu, inkaoneka. Mlamu akaona mfundo yotupa sankachedwa kukumbukira vuto lake. Ya m'foni siitupa, ndipo mwini wake atha kunena kuti lero sikunayende nkhope ili gwa, bola foni isalire pakati pa chiganizo. Bodza loti "ndasiya ndalama kunyumba" ndilo lafa, chifukwa nyumbayo tsopano ili m'thumba. Wogulitsa mbatatesi ku Blantyre atha kulipira mlimi wa ku Tsangano osakwera galimoto atabisa ndalama m'sokosi. Ndipo pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ya m'foni ndi ya pansi pa pilo zinaonda mofanana.

Amene atsalira kwenikweni ndi amalonda osadziwa kuwerenga ndiponso a kumadera kopanda magetsi. Foni yawo imaswera kometetsa tsitsi ikutchajidwa, ndipo uthenga ukabwera amauwerenga ndi mdzukulu. Pokatapa, agogo amapereka foni kwa ejenti n'kutchula nambala yachinsinsi mokweza kuti mnyamatayo amve bwino, pamzere pali anthu. Kawirikawiri nambalayo imakhala chaka chimene anabadwa, chimene mudzi wonse umachidziwa kale. Nambala yodziwika kwa mdzukulu, ejenti ndi wometa tsitsi si yachinsinsi, ndipo ndalama yotsekedwa nayo ndi ya anthu anayi.