Alamu anga ndi filimu yotsimphina

Alamu anga anagula kompyuta yakale, n'kuilumikiza ku TV yapabalaza ndi chingwe cha HDMI, basi n'kulengeza kuti nyumba yawo tsopano ndi sinema. Anatiitana Loweruka madzulo. Mtedza wokazinga m'mbale, ana atasamba kale, magetsi apabalaza atazimitsidwa. Filimu itangoyenda mphindi zitatu, kamera ikudutsa pang'onopang'ono pamwamba pa mapiri, alamu anadzambatuka ngati akhalira linthumbu.

"Mwaona?"

"Taona mapiri, alamu."

"Ayi! Ikutsimphina!"

Anaimitsa filimu n'kuyamba kutiphunzitsa. Akuti filimu ya ku sinema amaijambula zithunzi 24 pa sekondi, pamene kompyuta imauza TV kuti izilemba chithunzi ka 60 pa sekondi, chimene eni ake amati refresh rate ya 60 Hz. Tsono 60 sagawika bwino ndi 24. Chithunzi choyamba chimaoneka katatu, chachiwiri kawiri, chotsatira katatu, choncho mpaka filimu kutha. Mwendo wina wautali, wina waufupi.

Achemwali anamvetsera mpaka pamapeto, kenaka anati: "Bambo a ana, mpando mwakhalirawo wakhala ukutsimphina chikwatiranireni. Umenewo simunauone?"

*

Loweruka lotsatira tinapeza atakonza. Anasankha 24 Hz, TV inada kwa masekondi angapo ngati ikuganizira kaye, kenaka chithunzi chinabwera. Mapiri aja anadutsa mwamyaa. Ndinayamba kutafuna mtedza mtima uli m'malo.

"Yapunthwa!"

Palibe amene anaona kanthu. Koma alamu anatulutsa foni n'kuyamba kuwerenga nthawi, ndipo zinapezekadi kuti masekondi 42 aliwonse chithunzi chimodzi chimabwerezedwa. Chifukwa chake n'choseketsa kuposa alamuwo. Mafilimu ambiri a pa Blu-ray sayenda pa 24 yeniyeni, amayenda pa 23.976. Mlandu unayambira ku America mu 1953, pamene ankaonjezera mitundu pa TV imene kale inkangoonetsa zakuda ndi zoyera. Kuti mitunduyo isasokonezane ndi mawu, anatsitsa liwiro pang'ono zedi, zithunzi 30 pa sekondi n'kukhala 29.97, ndipo mafilimu oonetsedwa pa TV anatsitsidwanso chimodzimodzi. Amene anachita zimenezi anagona kalekale, koma ngongole yawo ikulipidwa pabalaza pa alamu anga.

Windows nayo 23.976 imangoilemba kuti "23 Hz", ngati kondakitala wa minibasi amene wati alibe chenji. Alamu anasankha 23 yomweyo, filimu n'kumapunthwabe. Kompyuta yawo inali ya purosesa za Intel za mu 2011, zotchedwa Sandy Bridge, zimene ukazipempha 23.976 zimakupatsa 24 osachita manyazi. Vutoli linadzatheratu ndi za Haswell mu 2013. Pofika pakati pa filimu, mwana wamng'ono anali atagwira kale kayendedwe kake: amawerenga chamumtima mpaka 42, n'kukuwa "Yapunthwa!" bambo ake asanatsegule pakamwa.

*

Tsiku lina kunabwera amalume, amene pa unyamata wawo ankakhalira ku vidiyo ya pamsika, ija yophimba ndi mabulangeti kuti osalipira asasuzumire. Alamu anawafotokozera kuti magetsi athu kuno ndi a 50 Hz, ndipo TV zathu zinali za PAL, za zithunzi 25 pa sekondi, monga ku Britain. Filimu ya 24 poiika pa kaseti ya PAL ankangoithamangitsa kuti ifike 25. Mawu a ochita sewero ankakwera pang'ono, ndipo filimu ya maola awiri inkafupika ndi mphindi pafupifupi zisanu.

Amalume anakhala chete, zala zikuwerenga.

"Ndiye kuti Rambo yense uja ndinkamuonera wothamangitsa?"

"Wothamangitsa, amalume."

"Ndipo ndalama ndinkalipira yonse?"

"Yonse."

"Mnyamata uja wapakhomo akadali moyo. Ndimadziwa kumene amapemphera."

*

Apa m'pamene matenda anakula. Alamu anapeza pulogalamu yotchedwa Custom Resolution Utility, imene imakulola kulemba wekha manambala a kayendedwe ka chithunzi, ndi ina yoonetsera mafilimu yotchedwa madVR. Imeneyi ukadina Ctrl ndi J imakulembera pakona ya sikirini kuti chithunzi chidzabwerezedwa kamodzi pakatha nthawi yakutiyakuti. Kuyambira tsiku limenelo alamu analeka kuonera mafilimu. Ankaonera kona.

Amasintha nambala imodzi, kuzimitsa, kuyatsa, kudikira. "Kamodzi pa mphindi zinayi." Kusinthanso. "Kamodzi pa ola!" Achemwali anaphika nsima, inazizira, anaitenthetsa, inaziziranso. Tsiku lina tinaonera nawo filimu ya upandu mpaka pamapeto, ndipo nditawafunsa kuti wapha munthu uja ndani, anandiyang'ana modabwa.

"Kodi munafa munthu?"

Nambala ina anailakwitsa madzulo a tsiku la mpira. TV inada bii, n'kulemba timawu touza eni nyumba kuti zimene ikulandirazo sikuzidziwa. Anthu asanu ndi atatu tinaonera mpirawo pa foni ya mwana wa sukulu, titaunjikana mitu ngati tikugawana cholowa. Alamu anali chogwada kuseri kwa TV ndi tochi kukamwa, akutiuza kuti foniyo nayo ikutsimphina.

*

Alamu ali kuntchito, achemwali anaseweretsa rimoti n'kupeza batani limene limachititsa TV kupeka yokha zithunzi zina pakati pa zenizeni. Kutsimphina konse kunatha. Kungoti filimu ya ndalama zankhaninkhani inayamba kuoneka ngati vidiyo ya ukwati yojambula msuweni. Alamu atalowa anagwira mutu.

"Mayi, zimenezi n'zoletsedwa! Mu December 2018 Tom Cruise ndi Christopher McQuarrie anajambula uthenga wopempha anthu kuti azizimitsa batani limeneli."

"A Tom Cruise-wo anasonkhapo zingati pogula TV ino?"

Batanilo linagona loyatsa.

*

Mwezi watha anandiimbira foni usiku, mawu akunjenjemera. Kona ija inali italemba kuti chithunzi chidzabwerezedwa kamodzi pa maola 19. Ndinawayamikira, n'kunena kuti tsopano tionere filimu ngati anthu. Iwo anati ayi, makina amanama, ayenera kudzionera okha kupunthwa kumodziko.

Analumikiza mafilimu ambirimbiri kuti azingotsatizana, anayatsa Lachisanu 8 koloko usiku, n'kuwerengera kuti nkhani idzachitika Loweruka cha m'ma 3 koloko masana. Nthawi itayandikira anathamangitsa ana, anatseka makatani, n'kukokera mpando wotsimphina uja pafupi ndi TV. Ine ndinakhala pambali ngati mboni. Maso awo anali psuu, misozi ikutsika, koma kuphethira ayi.

Achemwali anasuzumira pakhomo la kukhitchini. "Bambo a ana, tiyi muthira shuga zingati?"

Anatembenuka. "Ziwiri."

Pobweza maso, nambala ya pakona inali itasintha: chithunzi chobwerezedwa, 1.

Anayang'ana TV, anayang'ana ine, anayang'ana wotchi. Kenaka anatenga rimoti.

"Alamu, mawa muli ndi zochita cha m'ma 10 koloko m'mawa?"