Mbewa, Khoswe ndi Njovu: Chigamulo cha Mwini Njinga Yakapalasa

Pa anthu onse a ku Lifidzi, woyenera kuweruza mlandu wa mainjini a magalimoto aukali a ku America ndine, chifukwa galimoto ndilibe. Woweruza wabwino sakhala ndi mbali, ndipo munthu amene chuma chake chonse chamatayala ndi njinga yakapalasa yopanda buleki yakutsogolo sangakondere Ford kapena Chevrolet. Odziwa masamu amati munthu wamba akamapalasa tsiku lonse amatulutsa mphamvu yongokwana gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya kavalo mmodzi. Ndiye kuti ine, ngakhale nditakhuta nsima ya mgaiwa, sindikwana mwendo umodzi wa kavalo. Ndine chiboda. Chibodachi lero chakhala pampando kuti chiweruze akavalo 425, ndipo amene akuseka adikire kaye chigamulo.

Magalimoto amene eni ake amawatcha muscle car anatchuka mu 1964, pamene John DeLorean ndi anzake a ku Pontiac anatenga injini ya malita 6.4, yopangira galimoto yaikulu, n'kuilonga m'galimoto yocheperapo imene anaitcha GTO. Kuno kwathu tinganene kuti anamanga nkhunzi ziwiri pa wilibala. Makampani ena ataona kuti anyamata akugula, nawonso anayamba kulonga, mpaka mu 1970 Chevrolet inatulutsa Chevelle ya injini ya malita 7.4 yolembedwa kuti ili ndi akavalo 450. Phwandolo linatha msanga: inshuwalansi inakwera, malamulo oletsa utsi anabwera, kenako mafuta anasowa mu 1973. Koma mkangano wa injini yabwino sunathe, ndipo chimene chimandipatsa mphamvu yolowererapo ndi mayina amene eni akewo anapatsa mainjiniwa. Injini yaing'ono ya V8 ya Chevrolet amaitcha mbewa, yaikulu yake amaitcha khoswe, ndipo 426 Hemi ya Chrysler amaitcha njovu. Sindinapeke ndine mayinawa. Nkhani ikafika pa mbewa, munthu wa ku Angónia safunsira nzeru ku Detroit.

Mfundo yanga ndi imodzi. Injini yabwino kuiwonjezera mphamvu, yomwenso siikusiya pamsewu, ndi imene ili ndi abale ambiri. Chitsulo chilichonse chimadwala. Funso ndi lakuti tsiku lodwalalo kudzabwera ndani, atanyamula chiyani, kuchokera kutali bwanji.

Tiyambe ndi njovu, poti ndiyo imaimbidwa m'manja. Injini ili ngati mbaula: ukafuna moto waukulu, lowetsa mpweya wambiri ndi mafuta ambiri, utsi utuluke msanga. A Chrysler anaumba denga la silinda iliyonse ngati chipanda chovundikira, n'kuika mavavu awiri akuluakulu moyang'anizana ndi pulagi pakati. Mpweya umalowa uku n'kutulukira uko osapinda makona ambiri, moto umayakira pakati n'kufalikira mofanana. Nzeru imeneyi inagwira ntchito: mu 1964 Richard Petty anapambana nayo mpikisano wa Daytona 500, ndipo kuyambira 1966 mpaka 1971 inagulitsidwa m'magalimoto a pamsewu, malita 7.0, makabureta awiri, akavalo 425. Koma mavavu oyang'anizana amafuna mizere iwiri ya zitsulo zowakankha, mutu wa injini n'kukhala wotambalala, wolemera ndiponso wodula. Makabureta awiri amafuna munthu wowagwirizanitsa, ntchito yofanana ndi ya ankhoswe pa banja la mitala. Zaka zoyambirira mavavu ake ankafuna kuwachuna ndi sipanala kawirikawiri. Ndipo m'zaka zisanu ndi chimodzi zonsezo, magalimoto a pamsewu okhala ndi njovuyi anangopangidwa pafupifupi 11,000. Njovu ikathyoka mwendo lero, mwendo wina umagulidwa pamtengo wa khola lonse la ng'ombe.

Mbewa inabadwa mu 1955, motsogozedwa ndi injiniya Ed Cole, ili ndi malita 4.3 okha. Palibe chodabwitsa m'kati mwake, ndipo ulemerero wake ndi umenewo. Camshaft imodzi pakati, timitengo tachitsulo tokankha mavavu, mavavu 16 ondondozana mumzere, tizitsulo togwedeza mavavu tongodindidwa pamakina ngati masupuni. Inali yopepuka, yotchipa, yoti mnyamata wa sipanala zitatu n'kuimasula Loweruka. Mu 1967 inakula kufika malita 5.7, ndipo anaiika m'chilichonse: magalimoto a mpikisano, malole, maboti, magalimoto a apolisi. Mu 2011 General Motors inalengeza kuti yapanga ya nambala 100 miliyoni, kuwerengera ndi zidzukulu zake. Zidzukuluzo ndi banja la LS, limene linayamba mu 1997 m'galimoto ya Corvette. Kunena zoona, masipeya a agogo ambiri salowa mwa mdzukulu, koma chiwongo sichinasinthe: mtunda wa pakati pa masilinda ukadali mainchesi 4.4, camshaft ikadali imodzi. Akuluakulu anati mbewa zikachuluka siziika masa. Mwambiwu ndimaulemekeza, koma amene anaupeka sankafuna pisitoni Lachisanu madzulo.

Kuchuluka kumeneku n'kumene kumapangitsa kuwonjezera mphamvu kukhala kotheka kwa munthu wosauka. Njira zake n'zodziwika: camshaft yotsegula mavavu nthawi yaitali, mitu ya njira zazikulu za mpweya, kapena turbo yokankhira mpweya m'kati mokakamiza. Iliyonse imabwera ndi ngongole yake. Moto ukakula kutentha kumakula, mafuta amayamba kuphulika nthawi isanakwane, pisitoni imabooka, gasiketi imapsa. Wosintha injini ndi munthu amene wavomera kuti tsiku lina adzaswa chinachake. Tsono amene akusewera ndi LS ya malita 5.3 yochotsedwa m'galimoto yonyamula katundu, imene ku America imapezeka m'malo otayira magalimoto ngati mbatatesi pa Lizulu, amaiika turbo mopanda mantha, ikasweka amakatola ina. Wa njovu amaipukuta ndi kansalu, n'kumaiyendetsa pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira. Pakati pa awiriwa, amene amaphunzira malire enieni a injini yake ndi wa mbewa, ndipo zimene waphunzira amauza anzake. Choncho injini ya abale ambiri imakhalanso ndi asing'anga ambiri.

Kwa Ford nkhani ndi yomweyo. Anali ndi Windsor, injini wamba, ndi Cleveland ya 1970, imene mitu yake yaukali inali ndi njira za mpweya zazikulu zedi, zosangalatsa injini ikamakuwa koma zaulesi ukamayenda pang'onopang'ono. Ku America 351 Cleveland inatha mu 1974, pamene Windsor inakoka mpaka cha m'ma 2000. Umboni wapafupi uli ku Joni, kumene abale athu ambiri anathera nsapato. Basil Green wa ku Johannesburg atafuna kusandutsa Ford Capri kukhala chilombo chotchedwa Perana, anatenga Windsor ya malita 5.0. Mu 1984 Ford ya ku South Africa itapanga Sierra XR8, magalimoto pafupifupi 250, inatenganso Windsor. A Chevrolet kumeneko, popanga Firenza Can-Am zokwana 100 mu 1973, analongamo mbewa. Anthu okhala kutali ndi fakitale, atapatsidwa mwayi wosankha, palibe anaitanitsa njovu. Lero Ford ili ndi Coyote ya 2011, ya mavavu 32 ndi camshaft zinayi, injini yokoma ndithu yokonda kuthamanga, koma wofuna kusintha camshaft amagula zinayi pamene wa LS amagula imodzi. Masamu amenewo ngakhale chiboda chimawatha.

Wina andiimitsa apa n'kunena kuti magalimoto othamanga kuposa onse pa mpikisano wa mzere woongoka, a Top Fuel, amagwiritsa ntchito mainjini otengera mapangidwe a Hemi, ndipo amatulutsa akavalo oposa 10,000. Ndavomera, ndavula chipewa. Koma tiyeni timalize nkhaniyo. Galimoto imeneyo imathamanga mamita 305, mtunda wa mabwalo atatu a mpira, m'masekondi osakwana anayi, ikatero amakaniko amaimasula injini yonse n'kuimanganso isanathamangenso. Taganizani minibasi ya chapa yochokera ku Ulongue kupita ku Calomue imene pa mamita 300 alionse okwera amatsika kuti injini imangidwenso. Ungafike kumalire mwana amene unamubereka kumbuyo atayamba sukulu. Hemi ya mpikisano imatsimikiza kuti chipanda chovundikira chimapuma bwino kuposa ena onse, ndipo zimenezo sindinakanepo. Za kufika kumene ukupita siinenapo kanthu.

Wotsutsa wachiwiri ndi woopsa, chifukwa wandigwira pakhosi. Akuti: iwe ukutamanda injini yosavuta, nanga bwanji V8 ya Lexus, ya malita 4.0, yotuluka mu 1989, ili ndi camshaft zinayi ndi mavavu 32, koma imadziwika kuti siifa msanga, mpaka ku South Africa amaiika m'ma Hilux? Apa ndikubweza mawu pang'ono, monga amachitira mkamwini wanzeru. Kuchepa kwa zitsulo pakokha sikupangitsa injini kukhala yolimba. Chitsulo chabwino ndi kapangidwe kosamala zimaposa kuwerenga mavavu. Koma funsani chifukwa chimene amakaniko a ku Joni anaikondera. Mainjini akale a ku Japan amabwera ambirimbiri pa sitima zapamadzi, pamtengo wofikirika, ndipo amene amadziwa kulumikiza mawaya ake anachuluka. Inapeza abale m'dziko lachilendo. Wotsutsa uja wandithyola chala koma wandimangira mfundo yanga, ndipo ndikumuthokoza.

Wachitatu sanena zambiri, amangondiyang'ana kumapazi n'kufunsa kuti za Detroit zikukhudza bwanji munthu wa ku Lifidzi. Zikundikhudza chifukwa cha phiri. Kuno tili pamwamba, kupitirira mamita 1,000 kuchokera panyanja yamchere, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi magawo atatu pa 100 alionse a mphamvu yake ikakwera mamita 300, poti mpweya umapepuka. Njovu ya akavalo 425 ikanyamuka ku Beira, pofika kuno akavalo oposa 40 afera m'njira. Ndipotu 425 ija inali yoyeza injini ili maliseche pabenchi. Mu 1971 ataiyeza itavala zonse zimene imavala m'galimoto, analemba 350. Akavalo 75 anasowa papepala popanda wokadandaula kwa amfumu. Otsalawo amafuna petulo wabwino kwambiri, chifukwa mainjini a nthawi imeneyo ankafinya mpweya mwamphamvu, pamene m'midzi yathu petulo amagulidwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, ndipo mbiri ya botolo lililonse amaidziwa ndi Mulungu yekha. Onjezerani dothi la dzinja, galimoto yotsika mimba, yolemera kumutu, yopepuka kumbuyo kumene kuli matayala okoka. Akavalo onse aja angomaliza ulendo atakokedwa ndi ng'ombe ziwiri.

Lamulo langa la abale likagwiritsidwa ntchito kuno, zotsatira zake n'zochititsa manyazi kwa ine amene ndataya madzulo onse pa V8. Mbewa ija, mfumu ya ku America, kuno ndi mlendo wopanda womulandira. Ku Angónia mawu oti V8 amatanthauza Land Cruiser ya mabwana imene imatithira fumbi. Amene ali ndi abale kuno ndi dizilo ya Hilux yakale, Canter yonyamula matumba a mbatatesi, Land Cruiser ya injini ya 1HZ, ya masilinda asanu ndi imodzi ndi malita 4.2, yopanda turbo, imene akavalo ake ndi pafupifupi 130 koma onse amafika kumene atumidwa. Pansi pawo pali njinga yamoto ya kabaza, imene pisitoni yake imagulitsidwa pafupi ndi sopo, ndi injini ya chigayo ya silinda imodzi, imene mudzi wonse umadziwa chifuwa chake. Ndipo pansi penipeni, ngati mfundo yanga ndi yoona mpaka kumapeto, pali makina amene sipoko yake, tcheni chake ndi mpira wake zimapezeka pamsika uliwonse kuyambira Domue mpaka Tsangano, amene makaniko wake amakhala pansi pa mtengo uliwonse, ndipo injini yake imayendera nsima.

Apa woweruza wadzipatsa yekha chikho, ndipo ndikudziwa mmene zikuonekera. Choncho ndikulengeza poyera kuti ngati alipo wachibale ku Joni amene ali ndi Hemi yomusowetsa mtendere, asawerenge zonse zili pamwambazi, angotumiza. Ndidzaiimika pakhomo moyang'ana kumsewu kuti odutsa aione. Petulo woilizira sindidzakhala naye, koma mutu wake ndi wotambalala bwino, nkhuku zanga zakhala zikusowa poikira mazira.