Kaphedwe ka Injini ndi Kagulidwe ka Ina Yakufa Kale

Injini ya Toyota ndi nkhutukumve, siifa msanga. Pamafunika khama. Nawa malangizo kwa inu mabwana a ku Area 10, Area 43 ndi Area 47 amene ndalama zikukusowetsani tulo.

Yambani ndi oyilo: musamusinthe. Akada bii ngati phula la mumsewu wa Kamuzu Procession, ndiye kuti wakhwima. Kanyali kofiira kakayaka pa dashibodi, matanipo kapepala, kaleke kukusokonezani.

Kenako dikirani dzuwa la October. Muli pamdipiti wa magalimoto pa mlatho wa Lilongwe ku Old Town, singano ya kutentha yafika pofiira. Musaime. Munthu wa tayi wopita ku Capital Hill satsegula boneti mavenda akuona. Kwezani wailesi, pondani moto. Mukafika, thirani madzi ozizira injini ili chiwirire, kuti mutu wake upindike bwino. Mukaona oyilo wasanduka tiyi wamkaka, gasiketi yapsa, ntchito yagwirika.

Injini ikanoka, gogogo, lunjikani ku Biwi nokhanokha kukagula ina. Makaniko wanu musiyeni, amachulutsa mafunso. Wogulitsa akati, "Bwana, iyi yangotsika kumene kuchokera ku Japan," onani mmene yawalira ndi sopo, mukhulupirire. Musapemphe kuti ailize kapena ayeze kompuresheni, mungamunyoze mwini katundu. Za nambala musavutike nazo. Vitz ina ili ndi 1KR ya masilinda atatu, ina 2SZ ya anayi, koma injini ndi injini, mawaya akakana adzachita kulumikiza.

Powerengera mtengo, lembani wa injini yokha. Makaniko, malamba, mamawuntingi, oyilo ndi galimoto yokokera ndi zinthu zogwa kumwamba. Mtengo ukakuopsani, dikirani utsike. Katunduyu amagulidwa ndi dola, amalipiridwa msonkho ku MRA, ndipo mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, choncho kudikira n'kopindulitsa zedi. Galimoto izikhala pansi pa mango, makoswe azisamala mawaya.

Risiti musatenge, pepala ndi la anthu osakhulupirirana. Ku Road Traffic musakanene kuti nambala ya injini yasintha. Mudzafotokoza bwino tsiku logulitsa galimotoyo, wogula atagwira buluubuku, akuyang'ana nambala, akuyang'ananso inu.

Chomaliza, radiyeta yanu yakale yodontha ibwezereni momwemo. Inapha injini yoyamba, ntchito ikuidziwa.