Pulani ya Mfumukazi ili kuti?

Nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, ija ili pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi, inamangidwa mu 1903, tawuniyi ikadali Fort Johnston. Ndikukayika ngati atsamunda anagwada kwa Mfumu Mponda, pulani ili m'manja, kupempha chilolezo. Koma inu lero yesani kumanga kagolosale: akhonsolo afuna pulani, ndalama ndi chidindo, ndipo mukachita makani mudzaona utoto wofiira pakhoma. Chonsecho ena anamanga malo ogona alendo mpaka pamchenga penipeni, mipanda n'kutsekera asodzi njira. Amenewo anayenderedwa ndi nyanja yokha mu 2024. Madzi anakwera, n'kulowa m'zipinda mopanda odi, osaonetsa ndi kalata yomwe.