Pepani, Tagoletsanso

Munthu wa ku Canada ukamuponda phazi m'basi, amayamba kupepesa ndi iyeyo. Akakuona ukubwera chapoteropo amakugwirira chitseko, n'kuima pamphepo akumwetulira, mpaka iwe umachita kuthamanga kuti mwini ulemuyo asaume ndi chisanu. Khalidwe limeneli amalisunga bwinobwino kufikira tsiku la Khirisimasi. Pa 26 Disembala limapita kutchuthi, pakuti ndilo tsiku limene umayamba mpikisano wa hockey ya pa ayezi wa anyamata osakwana zaka 20. Eni ake amangouti World Juniors. Chiyambireni TSN kuuonetsa pa TV mu 1991, unasanduka mwambo wa nyengoyi pamodzi ndi nkhukundembo yotsala dzulo komanso alamu amene sakutchula tsiku lobwerera kwawo.

Masewera ake ndi a anthu 6 mbali iliyonse, goloboyi ali momwemo. Amavala nsapato zokhala ndi mpeni kunsi, n'kumalimbirana ndi ndodo kampira kakuda kophwatalala kotchedwa puck, kwa zigawo zitatu za mphindi 20. Akakhala masewera a anthu olemekezana amatha 3-2, mwina 4-3. A pa 26 Disembala 2018, pamene Canada inalandira Denmark ku Rogers Arena mu mzinda wa Vancouver, anatha 14-0.

Kutali ndi Vancouver, m'katauni kena ka ku Ontario ka msewu waukulu umodzi, matchalitchi atatu ndi bwalo la ayezi limene ndilo chimango chachikulu kuposa zonse, anthu anadzaza bala kudakali nthawi. Pampando woyang'anizana ndi TV panali bambo wa jezi yofiira. Tauni iliyonse ya ku Canada ili naye mmodzi wotere: akanasewera mu ligi yaikulu ya NHL pakanapanda bondo, ndipo bondolo linavulala m'zaka zitatu zosiyana, kutengera amene akumvetsera. Pambali pake panali aphunzitsi opuma ntchito, osunga chikumbumtima cha tauni yonse. Kukona kunali mnyamata amene maso ake sachoka pa foni, ndiponso agogo ena aakazi amene anabwera ndi zoluka zawo.

Chigoli choyamba, anthu anadumpha, mowa n'kutayika. Chachiwiri ndi chachitatu chimodzimodzi. Pa chachinayi kukuwa kunazilala, aliyense anasanduka katswiri, ndipo bambo wa jezi anayamba kudandaula kuti anyamatawa akupatsirana mwaulesi, zimene m'masiku ake kochi akanawathamangitsa nazo mpaka kusanza. Pofika pa chigoli cha nambala 6, m'balamo munalowa vuto limene palibe anali atalikonzekera. Munthu woleredwa bwino amatani nkhope pamene ana akwawo akukwapula ana a eni popanda wowaleretsa?

Anayambitsa ndi aphunzitsi. "Koma abale, awanso ndi ana a anthu. Makolo awo aoloka nyanja yonse ija kudzaona zimenezi."

"Akanakhala kwawo," anatero agogo osadzutsa mutu. "Pa TV zimapwetekako pang'ono."

Apa m'pamene panabuka mlandu umene umazengedwa ku Canada nthawi iliyonse timu yawo ikapeza mdani wofewa. Aphunzitsi anati munthu wa ulemu akafika pa zigoli 8 amaleka, n'kumangozungulitsa puck mpaka nthawi ithe. Bambo wa jezi anati chimenecho ndiye chipongwe chenicheni. Kusiya kugoletsa n'kumuuza mnzako kuti sukumuwerengera, ndipo njira yokhayo yolemekezera a Denmark ndi kuwamenya ndi mphamvu zonse. Ananena zimenezi atagwira pamtima, ngati akupereka chopereka. Mkanganowo unangopitirira mpaka mnyamata wa foni anadzutsa mutu n'kukumbutsa kuti matimu akafanana mapointi, kusiyana kwa zigoli kumatha kuwerengedwa, ndipo m'gulu lomwelo muli Russia. Bala yonse inapumira m'mwamba. Si nkhanza ayi, ndi lamulo. Munthu wa ku Canada ukamupezera lamulo loti abisalemo, angathe kuchita chilichonse ndi mtima woyera.

Kuyambira pamenepo anthu anatulukira kakondwerero katsopano. Chigoli chikalowa, dzanja linkakwera lokha, koma likafika pakhutu mwini wake ankalikhotetsa n'kuyamba kukanda m'mutu. Ena ankawomba m'manja pansi pa tebulo. Mayi wina ankati "Mayo, kamwanako!" uku mapazi akuvina. Chaka chimenecho timu ya Canada inasankha nyimbo ina ya Pitbull kuti izilira ikagoletsa, poganiza kuti anthu aziimva kanayi kapena kasanu pa usiku. Itamveka kachisanu ndi chinayi, mayi wogulitsa mowa anatsitsa voliyumu n'kulengeza kuti wina akangoyerekeza kuiimba ndi pakamwa, akamwera kwawo.

Morgan Frost anamwetsa zigoli zitatu, ndipo mwambo umati zikatero ochemerera aponye zipewa pa ayezi. Mkulu wina m'balamo anavula chake n'kuchigenda pa TV, kenako atakumbukira kuti panja madzi akuundana m'ngalande, anapita chokwawa kukachitola, akupepesa mwendo uliwonse umene anakumana nawo. Maxime Comtois, kaputeni wa timu, mnyamata wa ku Quebec wa zaka 19, anamwetsa zinayi. Bambo wa jezi anati mwana ameneyu akumukumbutsa iye mwini. Dzinalo mulisunge.

Masewera akasowa mchere, pakamwa pamafuna pogwira. Anthu anayamba kufunsana kuti kodi Denmark imeneyi ndi dziko lotani. Atasonkhanitsa nzeru za bala yonse anapeza zinthu ziwiri: Lego, ndi mabisiketi a m'chitini chabuluu, chimene agogo anatsimikiza kuti n'chabwino posungira ulusi. Wina anati likulu lake ndi Stockholm. Mnzake anamudzudzula kuti asachititse manyazi tauni, likulu ndi Oslo. Aphunzitsi anatseka maso. Ndiye mayi wogulitsa mowa, akupukuta tambula, anafunsa ngati aiwala kuti Frederik Andersen, goloboyi wa Toronto Maple Leafs amene onsewo amamupempherera Loweruka lililonse, ndi mwana wa ku Herning ku Denmark komweko. Anawonjezanso kuti mu Juni chaka chomwecho Lars Eller, wa ku Denmark nayenso, ndiye anagoletsa chigoli chimene chinapatsa Washington chikho cha Stanley Cup, chikho chimene Leafs inachigwira komaliza mu 1967. M'balamo munangoti zii.

"Amenewo ndi a Denmark ena," anatero bambo wa jezi.

Pofuna kusintha nkhani, mkulu wa chipewa uja anakumbutsa za Hans Island, kachilumba ka mwala wokhawokha pakati pa Greenland ndi Ellesmere, kamene mayiko awiriwa anakanganirana kwa zaka zambiri. Nkhondo yake inali yakuti a Canada akafika amazika mbendera n'kusiya botolo la wisiki, a Denmark akabwera amazula mbenderayo n'kusiya botolo la mowa wakwawo. Iye anati zigoli zikakwana 12, kachilumbako kangoperekedwa basi. Akazembe sanamumvere, mu 2022 anangokadula pakati.

M'chigawo chomaliza chifundo chinasefukira. Goloboyi wa Denmark akagwira puck, bala yonse inkaimirira kumuombera m'manja kuposa mmene inkachitira ndi zigoli. Aphunzitsi anapempha kuti mwina anawa apatsidweko kachigoli kamodzi koti akakasimbe kwawo, ndipo onse anavomera kuti zingakhale zokoma. Koma mnyamata wa Denmark atangoyandikira golo, bala yomweyo inakuwa ngati nyumba ikupsa, kuopa kuti Michael DiPietro, goloboyi wa Canada, angadetsedwe mbiri yake ya usikuwo. Chisoni chawo chinali cha munthu wa pamaliro amene pakamwa akuti pepani, maso ali pa mphika wa nyama.

Masewera atatha, anyamata a Denmark anandanda pamzere kumvetsera nyimbo ya fuko la amene awakwapula, monga mwa mwambo wa mpikisanowu. Mwambo womwewo umatinso timu iliyonse isankhidwe wosewera amene wachita bwino koposa, alandire mphatso ndi kujambulidwa. Agogo anafunsa kuti ameneyo amusankha bwanji, ndipo palibe anayankha.

M'mawa mwake pamzere wa khofi ku Tim Hortons, tauni inali itadzuka ndi mapulani okonzera dziko lapansi. Matimu 10 ndi ochuluka, akhale 8. Wina anati 6. Wina anati matimu ang'onoang'ono azisewera okhaokha kufikira atakula, osafotokoza kuti akula bwanji asakukumana ndi akuluakulu. Chifukwa chenicheni cha 14-0 sichinali chovuta kuchipeza. Denmark ili ndi anthu osakwana 6 miliyoni ndipo mabwalo ake a ayezi ndi makumi ochepa chabe, pamene Canada, ya anthu pafupifupi 37 miliyoni nthawi imeneyo, ili nawo masauzande, ndipo mwana amaphunzira kutsetsereka asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Koma mfundo yotere siikoma pamzere wa khofi. Imene inakoma ndi yakuti anyamata a ku Canada ali ndi mtima. Mawu omwewa ananenedwanso mu 2009 Canada itathidzimula Latvia 16-0 ku Saskatoon, ndipo akanawamvera a mapulaniwo, sibwenzi Latvia ilipo pa 27 Disembala 2024 ku Ottawa, pamene inagonjetsa Canada 3-2 pamapenate.

Zigoli zonse zija zosungidwa chifukwa cha lamulo sizinagwire ntchito, popeza pa 31 Disembala Russia inapambana Canada 2-1 n'kutenga malo oyamba m'gulu. Ndiye pa 2 Januwale 2019 panabwera Finland m'ndime ya makotafainolo. Canada inatsogola 1-0 mpaka kutatsala mphindi yosakwana imodzi, Finland n'kubweza. M'nthawi yowonjezera Canada inapatsidwa penate, ndipo kochi Tim Hunter anatuma Comtois. Ukko-Pekka Luukkonen anaitchinga. Patangopita kanthawi Noah Dobson anapezeka ndi golo yoyasama, anakoka ndodo kuti amalize nkhani, ndodo n'kuthyoka. A Finland anatola puck n'kuthamangira mbali inayo, ndipo Toni Utunen anagoletsa. Utunen ameneyu anali atasankhidwa kale ndi Vancouver Canucks, timu ya bwalo lomwelo, ndipo amene anamugoletsayo, DiPietro, analinso wa Canucks. Kwa nthawi yoyamba, Canada inatuluka yopanda mendulo pa mpikisano wochitikira kwawo.

Bambo wa jezi anati anadziwa kuyambira pachiyambi kuti Comtois si kaputeni. Atakumbutsidwa kuti sabata yatha ankati mwanayo akufanana ndi iye, anati ankanena za kutalika. Aphunzitsi, amene analira ndi ana a Denmark, anaimirira n'kufunsa kuti kodi mwana wa zaka 19 amalephera bwanji kukweza puck m'mwamba, ndipo anafuna kudziwa sukulu imene anaphunzira. Agogo anaika zoluka pansi, chinthu chimene sanachite pa zigoli zonse 14, n'kunena mawu amene mayi wogulitsa mowa anapempha kuti asabwerezedwe. Awa anali a m'bala, ofatsa. Pa intaneti anthu akuluakulu, ena a ana awo, anamutukwana mnyamatayo mpaka omuimira anachita kutulutsa chikalata chodzudzula. Pambuyo pake zinadziwika kuti ankasewera ndi phewa lovulala. Zitamveka zimenezi, tauni yonse inagwirizana kuti otukwanawo ndi a m'matauni ena, ndi kuti awa ndi ana chabe, ndipo masewera ndi masewera. Kenako anapitiriza kukambirana za amene ayenera kuchotsedwa ntchito.

Ulemu wa mtundu wa ku Canada unachokera ku Finland. Kampani ina yopanga ndodo za hockey kumeneko inalengeza kuti imutumizira Dobson ndodo yatsopano, ndi mawu omupepesa. Bambo wa jezi anati chimenecho n'chipongwe, ndipo munthu wopambana ayenera kudziwa malire.

Denmark inamaliza masewera anayi a m'gulu osagoletsa n'chimodzi chomwe, kenako inagonja kwa Kazakhstan n'kutsika m'mpikisano wa matimu akuluakulu. Mnyamata wa foni anawerenga nkhaniyi mokweza, aphunzitsi n'kufunsa kuti akunena ayani.

Pa 5 Januwale bala inadzazanso. Fainolo inali ya Finland ndi United States, ndipo munthu wa ku Canada angakhululukire amene wamutulutsa m'mpikisano, koma sangaonerere mnansi wake wa kumwera akunyamula chikho m'bwalo la ku Vancouver. Choncho anthu omwe aja anachemerera Finland usiku wonse, akupunthwa pa mayina. Kutatsala mphindi yoposa imodzi pang'ono, Kaapo Kakko, wa zaka 17, anagoletsa, Finland n'kupambana 3-2. Bambo wa jezi anakumbatira aphunzitsi. Atakhala pansi anafotokozera bala yonse kuti popeza Canada inagonja kwa akatswiri, ndipo inagonja m'nthawi yowonjezera pamene United States yagonja nthawi isanathe n'komwe, ndiye kuti kunena zoona Canada ndi yachiwiri. Mnyamata wa foni anati pamndandanda yalembedwa pa nambala 6. Anamuuza kuti azimitse foniyo, akulu akulankhula.