Bitcoin yafika kwa Mavwere

Kwa Mavwere ku Mchinji, soya akangogulidwa kumatulukira anyamata a mafoni onyezimira, ati ikani ndalama mu Bitcoin, kwacha yatha mphamvu. Za kwachazo sakunama: mu Novembala 2023 idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Chomwe amaiwala kunena n'chakuti Bitcoin nayo idatsika kuchoka pa madola pafupifupi 69,000 mu Novembala 2021 kufika cha m'ma 16,000 patangotha chaka. Reserve Bank idanena kale mu 2019 kuti imeneyi si ndalama yovomerezeka m'dziko muno, ndiye ikasowa musakavutitse amfumu pabwalo. Bola venda wa sikelo yobera uja, kwawo mumakudziwa. Ofuna kuyesa, ikanimo ya kachasu. Ya feteleza ayi, mayi akunyumba adawerengera kale matumba.