Mmene Mungaonekere Ngati Katswiri wa Jazz Yosamveka Mutu Wake

Masiku ano kukonda nyimbo pakokha sikukwanira, pamafunikanso kunyoza anzako amene sakonda zomwe iwe umakonda. Pantchito imeneyi palibe chida choposa jazz ya avant-garde, ija azakhali anu akaimva amafunsa ngati wailesi yawonongeka. Ngati nanunso, bwana, mukufuna kulowa m'gulu la anamandwawa, nawa malangizo.

Lamulo loyamba: musavine. Phazi likayamba kugunda pansi, lidzudzuleni. Tsinzinani, gwirani chibwano, muchite nkhope ngati mwalandira uthenga wa maliro a wachibale amene munali naye ngongole. Kukakhala zii musathamangire kuwomba m'manja, mwina wang'oma akungopukuta thukuta. Ascension ya John Coltrane, imene oimba 11 anajambula mu 1965, ndi nyimbo imodzi ya mphindi pafupifupi 40. Pitani kaye kokadzithandiza isanayambe.

Lachiwiri: Ornette Coleman muzingomuti "Ornette", anthu aziyesa munakulira limodzi ku Fort Worth, ku Texas. Ameneyu ndiye anagwedeza New York mu 1959 atatulukira pamalo oimbira a Five Spot ndi sakisofoni yoyera ya pulasitiki, popanda woimba piyano. Anasiya kutsatira ndondomeko ya makodi imene oimba jazz ambiri ankayendamo, n'kumalola nyimbo kupita komwe khutu lake lafuna. Pa chimbale chake cha Free Jazz, chojambulidwa mu 1960, magulu awiri a anthu anayianayi amaimba nthawi imodzi, lina m'sipika ya kumanzere, lina ya kumanja. Sipika imodzi ikafa ndiye kuti mwataya theka la oimba, koma musadandaule, alendo anuwo sazindikira. Wina akati ngakhale mwana wake angaimbe zimenezi, muuzeni kuti wachedwa: mu 1966 Ornette anaika mwana wake Denardo, wa zaka 10, pa ng'oma pojambula The Empty Foxhole.

Lachitatu: musadzayerekeze kunena kuti Sun Ra anabadwira ku Birmingham, ku Alabama, mu 1914, ndipo dzina lake linali Herman Blount. Mwini wake ankati kwawo ndi ku Saturn, ndiye inu ndani kuti mutsutse? Wofunsa zambiri mumuyang'ane mwachisoni. Mukhoza kuwonjezera kuti gulu lake la Arkestra, lovala mikanjo yonyezimira lija, silinathe iye atamwalira mu 1993, ndipo Marshall Allen, wobadwa mu 1924, anadzalitsogolera mpaka kudutsa zaka 100 zakubadwa. Za msana wanu umene umapweteka mukangonyamula thumba la shuga musatchule.

Enawa ingowatchulani mothamanga. Cecil Taylor ankamenya piyano ndi zigongono zomwe. Art Ensemble of Chicago ankadzipenta kumaso n'kumaliza mabelu ndi mahutala a njinga. Anthony Braxton ndiye bwenzi lanu lenileni, chifukwa nyimbo zake zambiri mayina ake ndi zojambula ndi manambala, choncho palibe angakugwireni kuti mwatchula molakwika.

Koma tinene zoona, khalidweli limandinyansa. Anthu amene mwawasandutsa chodzikometsera anazunzika chifukwa cha nyimbo zimenezi. Mu 1949 ku Baton Rouge, Ornette anamenyedwa atangomaliza kuimba, sakisofoni yake n'kuphwanyidwa. Ku Los Angeles ankadya za kuyendetsa chikepe m'sitolo. Mphotho ya Pulitzer inamupeza mu 2007 ali ndi zaka 77. Taylor anaphunzira ku New England Conservatory, koma nthawi ina ankatsuka mbale kuti apeze chakudya. Oimba akuda a ku Chicago anayambitsa bungwe lawo la AACM mu 1965 kuti azikonza okha zoimbaimba, poti eni malo oimbira sankawafuna. A Blue Notes a ku South Africa, Chris McGregor, Dudu Pukwana, Johnny Dyani, Louis Moholo ndi anzawo, anachoka kwawo mu 1964 chifukwa tsankho silinkalola mzungu ndi akuda kuimbira limodzi. Wa lipenga wawo Mongezi Feza anafera ku London mu 1975 ali ndi zaka 30 zokha. Amene ankawatsekera zitseko anali anthu odzitcha odziwa nyimbo zabwino. Lero inu mwatenga mayina awo n'kumatsekera nawo anzanu.

Tibwerere ku maphunziro. Lamulo lomaliza, lalikulu kuposa onse: musamvetsere. Gulani zimbale, ziikeni poonekera, lowezani zaka, koma khutu likhale kutali. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mukadekha mudzaona zoopsa. Mudzapeza kuti Lonely Woman ya Ornette ndi nyimbo yoti mukhoza kuiimba ndi mluzu pochapa, ndiponso kuti kukuwa kwa sakisofoni ya Albert Ayler kunachokera m'tchalitchi ndi m'mabandi oguba. Zikatero mudzayamba kuzikonda zenizeni, ndipo munthu wokonda chinthu zenizeni amaitana woyandikana naye kuti adzamve nawo. Ndiye aliyense akayamba kumva, inu mudzanyoza ndani?